Windows yakale ndi yatsopano m'kompyuta imodzi

Microsoft inasiya kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, koma mpaka lero amisiri a makompyuta amapemphedwabe kuiika. Kawirikawiri chifukwa chake n'chimodzi: pali pulinta, sikana kapena pulogalamu yowerengera ndalama imene imakana Windows yatsopano, ndipo mwini wake sakufuna kuitaya.

Njira yoyamba yosungira Windows yakale ndi yatsopano m'kompyuta imodzi amisiri amaitcha dual boot. Disiki imagawidwa m'zigawo zotchedwa partition, Windows iliyonse n'kutenga chigawo chake. Kompyuta ikayatsidwa, kapulogalamu kotchedwa bootloader kamafunsa munthu kuti alowe mu iti. Lamulo lake n'lakuti yakale iyambe kuikidwa. Windows 7 ikapeza XP imaizindikira n'kuiika pamndandanda, pamene XP, yomwe inatuluka mu 2001, sidziwa chilichonse chobwera pambuyo pake. XP ikaikidwa pomaliza imaphimba bootloader ya inzake. Mafayilo onse amakhala alipo, koma polowera pamasowa, ndipo ambiri amathamangira kufufuta disiki yonse poganiza kuti zonse zapita.

Mawu ena ofunika ndi BIOS ndi UEFI, mapulogalamu amene amadzutsa makina Windows isanayambe. XP imadalira BIOS ndi disiki yogawidwa mwa MBR, imene imalekeza pa 2 TB. Windows 11 imafuna UEFI, kagawidwe ka GPT komanso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Kuzikhazika ziwirizi padisiki imodzi n'chintchito chosapindula.

Apa ndi pamene virtual machine imapambana. Pulogalamu ngati VirtualBox ya Oracle, yomwe ndi yaulere, imapanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa yeniyeni. Windows yatsopano imatchedwa host, yakale guest, ndipo zimakhaladi ngati mwininyumba ndi mlendo: zonse zimayenda nthawi imodzi, mlendo akudya RAM imene wapatsidwa basi. Palinso snapshot, yosunga mmene guest ilili lero kuti ikasokonezeka mawa ibwezeredwe pomwepo. Microsoft nayo inatsata njira yomweyi mu 2009 ndi XP Mode ya Windows 7.

Chimene sichisintha ndi chitetezo. Mu Meyi 2017 pulogalamu yolanda mafayilo ya WannaCry inasokoneza zipatala za NHS ku Britain, mpaka Microsoft inatulutsa chigamba chadzidzidzi cha XP imene inali itaisiya kale. Windows 7 nayo inasiyidwa mu Januwale 2020. Amene akusungabe Windows yakale chifukwa cha pulinta, aigwiritse ntchito yokhayo ndipo asailumikize ku intaneti.