Tinapita kukasamba, tinakapeza manda

Anzanga, ambirife tikamva za Cape Maclear timaganiza za mchenga, nsomba yootcha ndi zithunzi zoponya pa Facebook basi. Inenso ndinali choncho mpaka mwezi watha pomwe tinapita kwa Chembe, ku Mangochi. Mnyamata wina wa pamudzipo anatilondolera kuphiri, mkati mwa paki, n'kutionetsa manda akale ali duu pakati pa mitengo ndi miyala. Anyani okha ndiwo amadutsapo. Apa ndi pomwe panali Livingstonia yoyamba. Inde, Livingstonia sinayambire ku Rumphi ayi.

Nkhani yake ili motere. M'chaka cha 1875, amishoni a Free Church of Scotland anabwera kudzatsegula mishoni yokumbukira David Livingstone, yemwe anamwalira mu 1873. Mtsogoleri wawo anali E.D. Young, ndipo m'gululo munali dokotala wachinyamata, Robert Laws. Sitima yawo, Ilala, anaiphwasula pa mathithi a mtsinje wa Shire. Anthu akuda mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu mpaka kumtunda komwe anakailumikizanso. Pa 12 October inalowa m'nyanja. Mfumu Mponda itawalola, anamanga pa Cape Maclear chifukwa panali doko labwino.

Koma malowo anali a malungo, ndipo nthawi imeneyo anthu anali asanadziwe kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Dr William Black anafika mu 1876, n'kumwalira mu 1877. Chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wachinyamata wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, yemwe anabwera limodzi ndi William Koyi. Pofika 1881 panali manda asanu, pomwe wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Amishoniwo anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 anakwera phiri la Khondowe komwe kuli Livingstonia ya lero. Namalambe ndiye anatsala akuyang'anira ntchito pa Cape Maclear.

Tsono chomwe chinandiwawa n'ichi. Ndalemba MSCE, History ndinakhoza bwinobwino, dzina la Laws ndimalitchula ngakhale kutulo. Koma Mngunana? Ndinamumva koyamba nditaima pamandapo. Munthu wakuda ngati ife, wachinyamata ngati ife, anasiya kwawo kudzaphunzitsa ana kuno n'kutsikira kuli chete chaka chisanathe bwino. Nanga aja anasenza Ilala thukuta lili kamukamu, mayina awo ali kuti? Palibe mwala wolembedwa za iwo.

Nyumba za mishoni zinagwa kalekale. Malowa ali mu Lake Malawi National Park, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, komabe alendo ambiri amangodutsa kuthamangira kumadzi. Ifenso tikanatero akanapanda mnyamata uja.

Ndiye pempho langa kwa kalabu yathu nali. Kwanuko kuli bwinja, kaya ndi sitolo yakale ya amwenye, kaya tchalitchi chogumuka, kaya siteshoni ya sitima yomwe inasiya kugwira ntchito. Pemphani chilolezo kwa amfumu kapena eni malo, musapite nokha, musakwere zipupa zong'aluka, ndipo musatolepo kanthu. Kenako khalani pansi ndi agogo, afunseni, lembani zomwe akuuzeni. Agogowo akapita, zipupazo sizidzatiyankha. Pa msonkhano wa Loweruka aliyense abwere ndi dzina la bwinja limodzi la kwawo, tiyambire pamenepo.