Anyasa mu Mzinda wa Salisbury: Chitupa, Njinga ndi Basi

Mzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare, unayamba mu 1890 pamene atsamunda a kampani ya Cecil Rhodes anamanga linga pafupi ndi kaphiri kotchedwa Kopje. Sipanapite zaka zambiri anthu a ku Nyasaland asanayambe kufika kumeneko kudzafuna ntchito. Kwawo ankathawa msonkho wa nyumba, thangata wa m'minda ya azungu ndi malipiro osakwana kugula ngakhale bulangete. Ashona ambiri nthawi imeneyo anali akadali ndi minda ndi ng'ombe, ndipo ndalama ya msonkho ankaipeza pogulitsa zokolola m'tauni, choncho ntchito yolembedwa sankaithamangira. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri gawo lalikulu la antchito akuda mu mzindawu linali la anthu obwera: a ku Nyasaland, a ku Mozambique ndi a ku Northern Rhodesia.

Poyamba ulendo unali wapansi ndipo unkatenga milungu ingapo. Amuna ankanyamuka m'magulu, kudutsa dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi pabwato cha ku Tete, kenako kulowa Rhodesia molunjika ku Mutoko. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole a Ulere, amene ankanyamula ofuna ntchito osalipiritsa ndi kuwadyetsa m'misasa ya m'njira. Sichinali chifundo: mafamu a fodya ndi migodi zinkasowa anthu, ndipo bomalo linkaopa kuti Anyasa apitirira ku Joni kumene malipiro anali okwera.

Wofika m'tauni chinthu choyamba chimene ankaphunzira si mayina a misewu koma mphamvu ya chitupa. Pachikalatachi pankalembedwa dzina lake, kwawo, bwana amene wamulemba ntchito ndi malipiro ake, ndipo wapolisi aliyense ankatha kumuimitsa n'kumuuza kuti achionetse. Wopanda ntchito ankapatsidwa masiku owerengeka oti aifunefune. Woyenda usiku pakati pa tauni ankafunika kalata ina yosainidwa ndi bwana wake. Kufikira zaka za m'ma 1930 malamulo a mzinda ankaletsanso munthu wakuda kuyenda pakhonde la masitolo pamene pankayenda azungu. Iye njira yake inali mumsewu, pamodzi ndi ngolo ndi magalimoto. Zonsezi zinkakhudza wakuda aliyense, koma kwa mlendo zinkalemera kwambiri, pakuti Mshona zikamuvuta ankabwerera kumudzi tsiku lomwelo, pamene Mnyasa kumudzi kwake kunali kutsidya kwa Zambezi.

Pogona panali pawiri. Ophika, osamalira maluwa ndi alonda ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya bwana, kachipinda kamodzi kamene mkazi ndi ana sankaloledwa kukhalamo. Ena onse ankayenera kukhala kulokeshoni. Mu 1907 akuluakulu a mzinda anakhazikitsa lokeshoni ya Harari, imene lero ndi Mbare, kum'mwera kwa tauni kuseri kwa njanji, moyandikana ndi manda ndi malo otayirako zonyansa. Highfield inabwera m'zaka za m'ma 1930, kutali kwambiri ndi tauni. Lamulo la mu 1946 linamangiriza nyumba ku ntchito: wolemba ntchito ndiye ankalipira malo ogona a wantchito wake, ndipo ntchito ikatha malo ogonawo ankathanso. Amuna osakwatira anaunjikidwa m'mahositelo monga a Matapi, angapo m'chipinda chimodzi, ndipo apolisi ankabwera m'bandakucha kudzagwira aliyense wosalembedwa.

Pakati pa lokeshoni ndi kuntchito anthu ankayenda wapansi. Kukamacha, msewu wochokera ku Harari unkadzaza ndi amuna oloza kumafakitale ndi kumasitolo, ndipo dzuwa likapendeka mtsinje womwewo wa anthu unkabwerera. Amene wasunga ndalama kwa miyezi ankagula njinga, ndipo njingayo inali zambiri kuposa choyendera. Inkafupikitsa ulendo wa m'mawa, inkamufikitsa wophika wokhala kwa bwana kwa abale ake kulokeshoni Lamlungu masana, ndipo potsiriza inkapita naye kumudzi ngati umboni wakuti kuulendo sanapite kukasewera. Makina osokera, galamafoni ndi sutikesi zinkatsatira pambuyo pake.

Munthu watsopano sankadziwa mzinda payekha. Ankafikira kwa wakwawo, amene ankamugoneka pansi, kumuuza misewu yoti azilambalala, ndi kumupereka kwa bwana amene akufuna munthu. Kuntchito ankalankhula Chilapalapa, chinenero chosakaniza cha pakati pa mabwana ndi antchito. Kumsika ndi kumowa ankatola Chishona. Chinyanja, Chiyao, Chitonga ndi Chitumbuka zinkamveka akakumana okhaokha. Malo okumanirawo anawamanga okha. Mu 1912 Mbusa T.C.B. Vlok anasamukira ku Salisbury kukatumikira Akhristu ochokera ku Nyasaland, ndipo ntchitoyo ndiyo inabala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. Ayao anasonkhana m'mizikiti, Achewa anatulutsa gule wamkulu amene Ashona amamutcha zvigure, ndipo panali magulu a beni. Ofunika koposa anali mabungwe a maliro, amene mamembala ake ankasonkha mwezi ndi mwezi kuti mnzawo akamwalira asaikidwe ngati wopanda abale. Ambiri anakwatira komweko osabwereranso, ndipo kumudzi ankawatchula kuti machona.

Malokeshoni atsopano monga Mabvuku ndi Mufakose atamangidwa kutali ndi tauni, miyendo ndi njinga sizinakwanenso, ndipo basi inalowa m'moyo wa wantchito aliyense. Mtengo wake unkadya gawo looneka la malipiro. Mu Sepitembala 1956 mtengowo utakwera, bungwe la City Youth League, lotsogozedwa ndi James Chikerema ndi George Nyandoro pamodzi ndi anzawo, linauza anthu kuti asakwere mabasi. Zinthu zinafika pachipolowe, ndipo atsikana ena okhala pahositelo ya Carter House anachitidwa nkhanza zoopsa. Nthawi imeneyo Ashona anali atayamba kuchuluka m'tauni chifukwa malamulo a malo anali atawalanda minda ndi ziweto, ndipo Mnyasa amene kale ankafunidwa anayamba kuonedwa ngati wolanda ntchito. Mayina onyoza monga Mabhurandaya ndi Mabwidi anamveka kwambiri. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu 1963, obwera kumene anachepa.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, malamulo a chitupa cha atsamunda anali atatha, ndipo mu 1982 mzinda unatenga dzina la Harare. Mabasi sanakwanire, choncho kunabwera magalimoto ang'onoang'ono a mtundu wa Peugeot onyamula anthu mothithikana, kenako makombi kuyambira mu 1993. Ana ndi zidzukulu za Anyasa ankakwera pamodzi ndi aliyense, akulankhula Chishona ngati eni dziko, ndipo ena monga oimba Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso anatchuka dziko lonse uku akuimbanso m'Chichewa. Komabe pepala silinawasiye. Zitupa za ambiri zinalembedwa kuti ndi alendo ngakhale anabadwira ku Mbare, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunachititsa ambiri kutaya mwayi wovota. Mu 2005 boma litagwetsa nyumba zosavomerezeka pa ntchito ya Murambatsvina n'kuuza anthu kuti abwerere kumidzi, mabanja ochokera ku Malawi analibe mudzi wopitako. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma aliyense anayenera kupita yekha ku ofesi yolembetsa kuti akasinthitse chitupa chake.