Kambalame ka m'Nkhalango za ku Nkhata Bay

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, inu a kwa Chikomeni mwazolowera thengo la miombo la ku Lukusuzi, kumene mitengo imayoyola masamba m'cilimwe ndipo dzuwa limafika pansi. Koma mukaoloka malire ndi kutsika mapiri a Viphya kulinga ku Nyanja ya Malawi, mudzapeza nkhalango za mtundu wina, monga ya Mkuwazi pafupi ndi Nkhata Bay. Kumeneko mvula imagwa yambiri, mitengo siyoyola, ndipo pansi pamakhala mdima ngakhale masana.

Mu mdima umenewo mumakhala kambalame kakang'ono ngati mpheta, kofiirira kumsana, kacikasu codera pacifuwa. Azungu amakacha akalat. Kamadya tizilombo. Wofuna kukaona asayang'ane m'mwamba, afune linthumbu. Pamene linthumbu likuyenda, tizilombo tobisala m'masamba ouma timathawa, ndipo kambalameka kamatera pa kanthambi ka m'munsi, kudikira, ndi kutola tothawato. Munthu ayenera kukhala cete, ndipo asamalenso miyendo yake!

Akatswiri anayamba kukalemba m'mabuku m'caka ca 1909, katapezeka ku Mozambique. M'caka ca 1938 Norman Kinnear wa ku British Museum ku London anaona kuti ta ku Nkhata Bay tikusiyana pang'ono ndi tinzake, natipatsa dzina lakuti bensoni, kulemekeza C. W. Benson, mzungu wa boma ku Nyasaland. Benson anabwera kuno m'caka ca 1952, ndipo m'caka ca 1971 iye ndi anzake anatulutsa buku la The Birds of Zambia.

Koma ine ndikuti tisaiwale a Jali Makawa, amene anayenda ndi Benson m'nkhalango zaka zambiri. Iwo anali ndi khutu lodabwitsa: ankazindikira mbalame pakumva kulira kwake kokha, ndipo ankadziwa kuziyeseza. M'caka ca 1964, ku Mayau kumpoto cakumadzulo kwa Zambia, anagwira kambalame kena kamene akatswiri sanakadziwe. Anakacha makawai, ndipo kufikira lero palibe wakapezanso.

Ka ku Nkhata Bay kakadalipo, koma malo ake acepa. Nkhalango zambiri zinadulidwa kuti pakhale minda ya tiyi, ya mphira ndi ya cinangwa, ndipo kambalameka sikakhala pamtetete. Katsala m'tizigawo tocepa totetezedwa, monga Mkuwazi.