Kodi Sheya Imadziwika Bwanji Kuti Yadula?

FUNSO: Ndikamadutsa pamalo opangira magetsi a dzuwa pano pa Golomoti ndimasirira. Kodi ndingagule masheya ake? Nanga njira yodziwira kuti sheya yadula kapena yatchipa inachokera kuti? — Wowerenga, Golomoti

YANKHO: Pepani achimwene, pamenepo pokha simungagule. Malowa, omwe amapanga mamegawati 20 ndipo anayamba ntchito mu 2022, ndi a JCM Power ya ku Canada ndi InfraCo Africa, ndipo sali pamsika wa Malawi Stock Exchange. ESCOM ndi EGENCO ndi zaboma. Khomo lapafupi ndi Press Corporation, yomwe ili pamsikawu, mwini theka la Puma Energy Malawi komanso gawo lalikulu la makampani opanga ethanol a EthCo ku Dwangwa ndi PressCane ku Chikwawa.

Njira mukufunsayo inakhwimira ku America. Mu 1934, anthu atapsa ndi kugwa kwa msika wa masheya wa ku New York mu 1929, Benjamin Graham ndi David Dodd anaphunzitsa kuti mtengo wa sheya uziyerekezedwa ndi phindu lomwe kampani imapeza. Sheya ya K200 ikamabala K10 pachaka, mukagawa mupeza 20: mukulipira phindu la zaka 20.

Koma 20 payekha sanena zonse. Ng'ombe ya bere imadula kuposa inzake chifukwa wogula amalipiriratu thole. Ndiye Peter Lynch, mu 1989, anatchukitsa kugawanso nambalayo ndi kakulidwe ka phindu. Phindu likamakula ndi 20 peresenti pachaka, yankho ndi 1, mtengo woyenera. Likamakula ndi 5 peresenti yokha, yankho ndi 4, ndipo sheyayo yadula kwambiri.

Kwathu kuno chenjerani pawiri. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho phindu likhoza kuoneka lonenepa pamapepala pomwe mitengo ya zinthu yalidya kale. Komanso mtengo wa mafuta ndi magetsi amaika ndi a MERA, osati kampani, ndipo ndalama zakunja zikasowa mapampu amauma.

Musaiwalenso kuti phindu la Press Corporation limachokeranso ku National Bank ndi TNM, si mafuta okha ayi. Musanatulutse ndalama zanu, pemphani mabuloka akuonetseni malipoti a kampaniyo a zaka zingapo, muone mbali yomwe ikukuladi.