Marconi ndi Mau Oyenda Popanda Waya

 Munthu akapfuula kuseri kwa phiri la Chirinda, inu muli mbali ino simungamumve. Koma mau a pa wailesi alumpha phirilo monga palibe kanthu. Lero tikambe za munthu amene anakhala moyo wace wonse pa nchito imeneyi.

Dzina lace ndi Guglielmo Marconi. Anabadwa ku Bologna m'dziko la Italy pa 25 April, 1874. Atate ace anali mwini minda, amai ace anali a ku Ireland. Mafunde osaonekawo sanawatulukire ndiye ai. Anawaonetsa poyamba ndi Heinrich Hertz wa ku Germany m'zaka za 1887 ndi 1888, koma iye sanaganize zotumizirapo mauthenga. Marconi ndiye anaona msika pamene anzace anaona maphunziro okha. M'caka ca 1895, ali ndi zaka 21, anatumiza cizindikilo kucokera pa nyumba ya atate ace kufikira kuseri kwa kaphiri, pa mtunda wopitirira mailosi imodzi. Caka cotsatira anapita ku London pamodzi ndi amai ace, ndipo mu 1897 anakhazikitsa kampani yace, mothandizidwa ndi abale a kucimai.

Ambiri sadziwa kuti makina amenewa anayesedwa msanga kuno kumwera kwa Africa, ndipo anacititsa manyazi. Pa nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu mu 1899, asilikali anawatenga kunka nao ku cipululu ca Karoo. Nsungwi zoimikira waya zinang'ambika ndi dzuwa, nthaka inali youma gwa, ndipo ziphaliwali zinasokoneza zonse. Akulu a nkhondo anawataya mtima, nawapereka kwa a zombo. Koma pa nyanja, pafupi ndi Delagoa Bay, pamene pali Maputo tsopano, makina omwewo anagwira nchito bwino mu 1900. Colakwa cinali malo, osati cipangizo.

Pa 12 December, 1901, Marconi ali ku St John's m'dziko la Newfoundland, waya wace atamkweza m'mwamba ndi kaiti, ananena kuti wamva kugogoda katatu, ndiko lemba la S, kucokera ku Poldhu ku England, tsidya lija la nyanja ya Atlantic. Akatswiri ena akaika kufikira lero ngati anamvadi, pakuti phokoso la m'mlengalenga linali lambiri. Komabe patapita zaka zowerengeka mauthenga anali kuoloka nyanjayo masiku onse. Analandira mphotho ya Nobel mu 1909. Pamene combo ca Titanic cinamira mu 1912, anthu oposa 700 anapulumuka cifukwa anyamata a kampani yace anaitana cithandizo usiku womwewo.

Cimene cinatikhudza ife koposa ndi nchito yace ya zaka za 1923 ndi 1924 pa mafunde aafupi, amene agunda thambo la kumwamba nabwerera pansi kutali. Mafunde otere ndiwo anatenga mau a Cinyanja kucokera ku Lusaka kufikira m'makomboni a kutali. Kawailesi kabuluu konga poto, kamene Harry Franklin anapempha a Ever Ready kuti apange, kanayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa £5, batire yace 25s. Akulu-akulu amene anakamvera madzulo ataweruka ku nchito akukumbukabe.

Pali cina cimene sitiyenera kubisa. Mu 1923 Marconi analowa cipani ca Mussolini, ndipo pamene Italy inathira nkhondo dziko la Ethiopia mu 1935, iye anaibvomereza poyera, nayesa kuilungamitsa pamaso pa maiko ena. A BBC anamkaniza kulankhula za nkhaniyo pa wailesi yao. Ine ndiona kuti pamenepa mkuluyu anacimwa kwakukuru: iye amene anatsegula makutu a dziko lonse sanamve kulira kwa anthu a ku Ethiopia.

Anamwalira ku Rome pa 20 July, 1937. Pomlira, nyumba za wailesi m'maiko ambiri zinakhala cete mphindi ziwiri.