Nkhani ya ku Wiriyamu inatenga miyezi isanu ndi iwiri

Anzathu, popeza tayamba kuwerenga tokha nyuzipepala, tiyeni tidzifunse: amene amalemba nkhanizi ndani, nanga amaopa yani?

Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi m'midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete. Nyuzipepala za ku Lourenço Marques zinakhala cete. Masiku amenewo munthu wa boma anali kuwerenga nkhani iliyonse isanasindikizidwe, nafafaniza zimene atsamunda sanafune. Opulumuka anafotokozera ansembe ocokera ku Spain. Ansembewo anasonkhanitsa maina a akufa, nazembetsa mapepala kunja kwa dziko. Nkhani inatuluka ku London, m'nyuzipepala ya The Times, pa 10 Julaye 1973. Taonani, munthu wa ku London anawerenga za maliro a ku Tete pamene makolo athu anali kungonong'onezana! Boma la Portugal linakana. Linadzapepesa mu 2022.

Ufulu utabwera mu 1975 zinthu zinasintha, koma osati zonse. Mawailesi a Xirico analowa m'midzi, ndipo Rádio Moçambique inali kuulutsa nkhani m'zilankhulo zathu. Ici cinali cabwino ndithu. Koma wailesi ndi nyuzipepala zinali m'manja mwa boma ndi cipani cimodzi. Nkhondo itakula, zambiri anthu anali kuzimva kwa othawa, osati pa wailesi. Mtolankhani Carlos Cardoso anatsekeredwa mu 1982 cifukwa ca zimene analemba.

Lamulo la 1991 linalola anthu kuyambitsa nyuzipepala zaozao. Mediafax inayamba mu 1992, Savana mu 1994. Cardoso yemwe uja anayamba kufufuza za madola 14 miliyoni amene anabedwa ku banki ya BCM. Anamuombera mfuti ku Maputo pa 22 Novembala 2000. Koma ulendo uno nkhani sinakwiriridwe. Mlandu wa omupha unaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema, anthu namvetsera ndi makutu ao, kufikira amuna asanu ndi mmodzi anagamulidwa mu 2003.

Lero nkhani imafika pa foni tsiku lomwelo. Yoona ndi yabodza zimafika pamodzi, ndipo kawirikawiri zilibe dzina la wozilemba.