Kulimbikitsa otopa: kuchokera ku Refidimu kufika ku Nsambe

Mlaliki akafuna kulimbitsa mitima ya anthu pa maliro kapena m'chipatala, kawirikawiri amathamangira ku Yesaya 40, ku ndime ija yonena za ziwombankhanga. Ku Nsambe, kumapiri a Neno kufupi ndi malire a Mozambique, akhristu ambiri amaidziwa pamtima. Ndimeyo ndi yabwino ndipo sindikuichepsa. Koma ili chakumapeto kwa ulendo wautali. Malemba Achiheberi, amene ife timawatcha Chipangano Chakale, anayamba kusamala za otopa kalekale mawu okoma otere asanamveke, ndipo anayamba ndi zinthu zogwirika ndi manja.

Nkhani yoyamba yooneka bwino ili pa Eksodo 17. Aisraele akumenyana ndi Aamaleki ku Refidimu, Mose ali pamwamba pa phiri atakweza manja. Manja akangotsika, nkhondo ikuwaipira anthu ake. Koma palibe munthu angakweze manja tsiku lathunthu, ngakhale akhale mneneri. Aroni ndi Huri anatenga mwala n'kumukhazikapo, wina n'kugwira dzanja ili, wina ilo, mpaka dzuwa kulowa. Wolemba sanasunge liwu ndi limodzi lomwe limene awiriwo anamuuza. M'mutu wotsatira mukubwera Yetero, mpongozi wake, amene anamuona akuweruza milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anamuuza mosapsatira kuti adzadzipha ndi ntchito ndipo adzatopetsanso anthu, choncho agawire ena milandu ing'onoing'ono. Yetero anali Mmidiyani, koma nzeru yake ndi yomwe ija ya makolo athu, yoti mutu umodzi susenza denga.

Malamulo a Mose anatenga chifundo chimenechi n'kuchisandutsa udindo. Mwini munda analetsedwa kukolola mpaka m'mphepete kapena kubwerera kukatola mtolo woiwalika, kuti wamasiye ndi mlendo apeze khunkha. Buku la Deuteronomo, pokumbutsa tchimo la Aamaleki, likuloza chinthu chimodzi: anakantha anthu otsalira m'mbuyo, olefuka ndi ulendo. Ndipo kwa anthu a Nsambe, kumene osunga Sabata ndi ambiri, Eksodo 23 ili ndi mfundo yoyenera kuiganizira mofatsa. Chifukwa chopumulira tsiku lachisanu ndi chiwiri chimene chatchulidwa pamenepo ndi chakuti ng'ombe, bulu, mwana wa mdzakazi ndi mlendo apezeko mpweya. Lamuloli likuyang'ana amene alibe mphamvu yodziikira okha tsiku lopuma.

M'nthawi ya mafumu nkhani zotere zikuchuluka, ndipo yondigwira mtima kwambiri ili pa 1 Samueli 30. Davide ndi anthu ake 600 anabwerera ku Zikilagi n'kupeza mudzi watenthedwa, akazi ndi ana atengedwa. Analira mpaka mphamvu yolirira inatha, kenako anauyamba ulendo wolondola achifwambawo. Atafika pa mtsinje wa Besori, anthu 200 analephera kuwoloka. Miyendo inakana. Anatsala pomwepo ndi katundu, anzawo 400 n'kupitirira. Panjira anatola mnyamata wa ku Ejipito, kapolo amene mbuye wake anamutaya m'thengo chifukwa anadwala, atatha masiku atatu osadya osamwa. Asanamufunse kanthu anamupatsa madzi, mkate, nkhuyu zouma ndi mphesa zouma. Moyo utabwerera, mnyamata yemweyo ndiye anawatsogolera kumene kunali adani.

Atagonjetsa adaniwo, mkangano unabuka pobwerera. Ena mwa amene anamenya nkhondo anati otsala pa Besori angopatsidwa akazi ndi ana awo basi, zofunkha asalaweko. M'maso mwa anthu ambiri anali kunena zoona: ndani anakhetsa thukuta? Davide anakana. Anagamula kuti gawo la wotsala ndi katundu lifanane ndi la wopita kunkhondo, ndipo bukulo likuti chigamulocho chinasanduka lamulo mu Israele. Apa wotopa sanangomveredwa chisoni. Anapatsidwa gawo lake, ndipo ulemu wake sunachotsedwe.

Davide yemweyo anadzatopa naye. Pothawa mwana wake Abisalomu anafika ku Mahanaimu ali wefuwefu, ndipo anthu atatu, mmodzi mwa iwo Barizilai, nkhalamba ya zaka 80, anamuchingamira ndi zogonera, mabeseni, miphika, tirigu, ufa, nyemba, uchi, chambiko ndi nkhosa. Wolemba anaona kuti mndandanda wa katunduyo ndi woyenera kusungidwa m'buku loyera. Chimodzimodzinso Eliya pa 1 Mafumu 19. Atathawa Yezebele anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha imfa. Mngelo sanamudzudzule chifukwa cha pemphero loipalo. Anamusiya agone, anamudzutsa kuti adye mkate wootcha ndi kumwa madzi, anamusiya agonenso, n'kumudyetsanso kachiwiri. Mafunso ndi malangizo zinadikira mpaka ku Horebu, patatha masiku 40, ndipo kumeneko anapatsidwanso mnzake woyenda naye, Elisa.

Palinso nkhani ina imene alaliki saikonda kuitsegula, ya pa 2 Mbiri 28, m'masiku a mfumu Ahazi. Ankhondo a ku Samariya anagwira abale awo a ku Yuda kuti akhale akapolo. Mneneri Odedi atawadzudzula, akuluakulu ena anaveka amaliseche, anawapatsa nsapato, chakudya ndi mafuta odzola, ofooka n'kuwakweza pa abulu mpaka ku Yeriko. Amenewo anali adani a dzulo lomwelo.

Zinthu zinasintha Yerusalemu atagwa. Mu 597 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara anatenga gulu loyamba la akapolo kupita nalo ku Babulo, ndipo mwa iwo munali wansembe Ezekiele. Patapita zaka khumi ndi chimodzi, cha mu 586, mzinda ndi Nyumba ya Mulungu zinatenthedwa. Mutu woyamba wa buku la Maliro ukubwerezabwereza dandaulo limodzi, loti mzindawo ulibe woutonthoza. Ezekiele anafufuza chimene chinagwetsa dziko ndipo pa mutu 34 analoza chala atsogoleri: abusa amene anadya mafuta ndi kuvala ubweya, koma nkhosa yofooka osailimbitsa, yodwala osaichiza, yothyoka osaimanga. Kwa iye, kulekerera ofooka unali mlandu wokwanira kugwetsa ufumu.

Tsopano kutopa kunali kwa mtundu wina. Akapolo a ku Babulo ambiri anamanga nyumba ndi kulima minda, monga Yeremiya anawalangizira m'kalata yake. Chimene chinawathera ndi chiyembekezo. Munthu wotere mkate wokha sumudzutsa. Apa m'pamene mawu anatenga malo oyamba, ndipo mitu ya Yesaya kuyambira 40 mpaka 55 ndiye pachimake pake. Akatswiri ambiri amati mitu imeneyi inalembedwa ndi mneneri wa m'nthawi ya ukapolo, pamene mipingo yambiri imaphunzitsa kuti Yesaya mwiniwake anaoneratu za m'tsogolo. Mulimonsemo, olankhulidwawo ndi anthu amene ankadandaula kuti Mulungu wawaiwala. Mneneri akuwakumbutsa kuti ngakhale anyamata a nyonga amalefuka, koma Mlengi satopa, ndipo mphamvu zake amagawira ofooka. Pa mutu 50 pali chinthu chimene olimbikitsa ena ayenera kuchisunga: mtumiki wopatsidwa lilime lothandiza wolema ndi yemweyo amene khutu lake limadzutsidwa m'mawa uliwonse kuti amvetsere. Kumva kumayamba, kuyankhula pambuyo.

Koresi mfumu ya Perisiya analanda Babulo mu 539 ndipo analola akapolo kubwerera kwawo. Anakapeza mabwinja. Ntchito yomanganso Nyumba ya Mulungu inaima mpaka Hagai ndi Zekariya atawadzutsa mu 520, ndipo inatha patapita zaka ngati zisanu. Nehemiya anafika mu 445 kudzamanga linga. Anthu onyamula zinyalala za mabwinja anadandaula kuti mphamvu zawathera, ndipo iye anawalimbikitsa ndi mawu, inde, koma posakhalitsa anatulukira gwero lina la kufookako. Amphawi anali atapinyolitsa minda ndi nyumba kuti apeze tirigu ndi ndalama za msonkho wa mfumu, ena mpaka kugulitsa ana awo aakazi, ndipo owadyera masuku pamutu ndi katapila anali abale awo omwe. Nehemiya anaitanitsa msonkhano, analumbiritsa olemerawo kuti abweze minda, ndipo iye mwini anakana kulandira chakudya cha bwanamkubwa kwa zaka 12. Linga linatha m'masiku 52.

Pofika apa, mawu otonthoza anali atachuluka kotero kuti panafunika buku lowayesa pa sikelo. Buku limenelo ndi la Yobu. Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anayamba bwino kwambiri: anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, osatsegula pakamwa. Aliyense amene anagonapo pa siwa akudziwa kulemera kwa kukhala chete kotere. Zinaipa atayamba kufotokoza. Elifazi anamukumbutsa kuti kale ankalimbitsa ena, nanga lero walefukiranji. Kenako onse atatu anagwirizana kuti tsoka lotere silibwera popanda tchimo. Mfundo zawo zinali zochokera m'chiphunzitso chovomerezeka, komabe Yobu anawatcha otonthoza osautsa, ndipo pamapeto Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu. Amene anatonthoza Yobu moona ali m'mutu womaliza: abale ndi alongo ake, amene anabwera kudzadya naye, aliyense n'kumusiyira ndalama ndi mphete yagolide. Kwathu kuno timati chipepeso.

Ayuda anasunga mwambo wotonthoza m'mapemphero awo. Mpaka lero, likadutsa tsiku losala kudya pokumbukira kugwa kwa Nyumba ya Mulungu, amawerenga ndime zotonthoza za Yesaya masabata asanu ndi awiri otsatizana, kuyambira pa mutu 40. Mpukutu wathunthu wa Yesaya umene unapezeka m'phanga ku Qumran mu 1947, wotalika mamita oposa 7, unakopedwa zaka zoposa 100 Khristu asanabadwe.

Kuno kwathu malembawa anafika mochedwerapo kuposa mmene ambiri amaganizira. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo a Seventh-day Adventist anatsegula ya Matandani mu 1908. Nthawi imeneyo Chipangano Chatsopano cha Chinyanja chogwirizana chinali chitangotuluka kumene mu 1907, koma Chakale chathunthu kunalibe. Mbusa William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, pamodzi ndi Amalawi monga Jonathan Sande ndi Ishmael Mwale, anali akadali pa ntchito yomasulira, ndipo Buku Lopatulika linasindikizidwa mu 1922. Linapeza dziko lotopa. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anali atagwira ntchito ya mtengatenga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kusenza katundu wa asilikali m'matope ndi m'njala, ambiri osabwerera, ndipo chimfine cha 1918 chinadzapululanso otsala. Anthu amene anamva koyamba nkhani ya mtsinje wa Besori m'chinenero chawo ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la kutsala panjira ndi katundu. Akatolika anadzatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera, limene mipingo inamasulira mothandizana, linatuluka mu 1998.

Neno nayo yakhala ikulandira otopa. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, Malawi inasunga othawa kwawo okwana pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ena anakhala ku msasa wa Luwani, umene unatsegulidwanso mu 2016. Edzi itafika, midzi inadzaza ndi agogo olera adzukulu. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene linayamba ntchito m'bomali mu 2007, linamanga chithandizo chake pa anthu a m'midzi momwemo oyendera odwala khomo ndi khomo. Chipatala chaching'ono cha Nsambe, cha mpingo wa Seventh-day Adventist, chimalandira anthu otsika ndi kukwera zitunda zimene mvula ikagwa ngakhale njinga yamoto imalephera, wodwala n'kufika pa machira, amuna anayi akusinthana mapewa.

Amene amadziwa bwino dongosolo lakale la malembawa, m'kuona kwanga, ndi amayi. Onani mmene amayi a Dorika, a Mvano kapena a m'miphakati amachitira akapita kukazonda wodwala m'nyengo yozizira ya Juni. Wina wasenza nkhuni, wina beseni la ufa, wina kachewere pang'ono m'kathumba. Akafika satsegula buku msanga. Mmodzi amatenga ndowa kupita kumadzi, wina amasesa, wina amasonkha moto n'kuphika phala, wina amakhala pamphasa n'kumvetsera wodwalayo akudandaula. Nyimbo ndi ndime zimabwera phala litalowa m'mimba. Ambiri mwa amayiwa sanapite ku sukulu ya zaubusa, koma akutsata ndondomeko ya mngelo wa Eliya ndendende.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ulaliki umene wafala masiku ano, wouza munthu wolefuka kuti vuto lake ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, kapena kuti pali tchimo limene akubisa, kapena kuti apereke kaye kenakake kuti madalitso atseguke. Amenewo ndi mawu a Elifazi, ndipo buku la Yobu linawaweruza kale. Ndimadandaulanso ndi anthu ena otopa amene mipingo siiwawerengera: gadiyani amene wagona pansi pa simenti mwezi wathunthu akudikirira wodwala, munda wake uli thengo, ndi agogo amene akulephera kufika ku tchalitchi chifukwa mawondo sakulolanso kukwera chitunda.

Akulu a mipingo ya ku Nsambe ndi madera ozungulira, pa msonkhano wanu wotsatira werengani 1 Samueli 30 yonse, kenako lembani mayina a anthu a mumpingo mwanu amene chaka chino sanathe kulima chifukwa chodwala kapena kudwazika. Mvula isanagwe, tumizani achinyamata ndi makasu kuminda yawo, ndipo pogawa za m'thumba la mpingo, gawo lawo likhalepo.